Mpango Wofiira Pachitseko

1. Namakiyi

Atsikana a m'hostelo ija anali ataiwala kale dzina lake lenileni. Chiyambireni ntchito yothandiza kuyang'anira anzake, aliyense ankangoti Namakiyi, ngati kuti ndi mfunda wa kwawo. Ndipo sankamunamizira ayi. Makiyi ankalendewera m'khosi mwake pachingwe cha nsapato, ndipo akamayenda ankalira kuti ngwe ngwe ngwe, moti ophika mobisa m'zipinda ankamumvera patali n'kukankhira mapoto kunsi kwa bedi.

Anali wophunzira ngati ena onse, wa chaka chachiwiri payunivesite. Kungoti anzake akaweruka m'kalasi n'kukapuma, iye ntchito imakhala ikuyamba kumene. Mpopi ukathyoka, Namakiyi. Wina akataya kiyi, Namakiyi. Awiri akakanganirana sopo kubafa, Namakiyi yemweyo. Analinso ndi udindo wotulutsa alendo nthawi ikakwana, ntchito yomwe inamudanitsa ndi theka la atsikana a pansanjika yake. Malipiro ake anali kachipinda kaulere pafupi ndi masitepe, ndipo popanda kachipinda kameneko sukulu ikanamukanika.

Amene anamupezetsa mwayiwu anali Asisi, mtsikana wa chaka chomaliza, mkulu wa othandiza onse m'hostelomo. Asisi anali munthu wansangala, wodziwa kuseketsa ngakhale wolira. Koma anali ndi kanthu kena komwe Namakiyi sankasangalala nako. Mayeso akayandikira, ankagawira atsikana timapilitsi tokulunga m'tipepala, ati tothamangitsa tulo kuti munthu achezere kuwerenga. Tsiku lina anamupatsako Namakiyi, iye n'kukana, koma sanakanene kulikonse. Paja khoswe akakhala pamkhate sapheka.

2. Kiyi wamkulu

Pakati pa makiyi aja panali mmodzi wosiyana ndi ena onse, wotsegula chitseko chilichonse cha pansanjikapo. Tsiku lomwe Amatroni, mayi woyang'anira hostelo yonse, ankamupatsa kiyi ameneyu, anamukhazika pampando n'kutseka chitseko cha ofesi.

"Mwanawe, tamvera," anatero. "Kiyi uyu si ulemu ayi, ndi katundu. Ukamugwiritsa ntchito molakwika, akuchotsa pano tsiku lomwelo. Lamulo ndi ili: usatsegule chipinda cha munthu uli wekha. Ugogode, unene kuti ndiwe ndani, udikire. Ngati pakufunika kutsegula, uitane ine kapena mkulu wanu, mukhale awiri. Mnzako uja analipo iwe usanabwere anatsegula yekha, mwini chipinda n'kunena kuti foni yake yasowa. Kaya anaba kaya sanabe, mpaka lero palibe akudziwa, koma anapakira katundu wake akulira.

"Chachiwiri ndi ichi, ndipo n'chachikulu kuposa choyambacho. Ine sindinakusankhe kuti uzilonda zitseko. Zitseko zili ndi maloko ake, sizikusowa iwe. Ndakusankha kuti uziona nkhope. Ana awa makolo awo ali kutali. Wina akasiya kudya, woyamba kudziwa ukhale iwe. Wina akadwala, woyamba kudziwa ukhale iwe. Ana aphokoso usamade nawo nkhawa, amenewo akapsa amakuwa okha. Ine ndimaopa mwana wachete. Wachete amavutika chitseko chili chotseka, ife tikudutsa panja ndi makiyi athu. Dzuwa likalowa usanaone nkhope ya mwana wa pansanjika yako, mtima usakhale m'malo. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Wamva?"

"Ndamva, amayi," anayankha Namakiyi.

Kumva anamvadi. Koma kumva mawu uli pampando wa muofesi n'kosavuta, aliyense amagwedeza mutu.

3. Lamulo losalembedwa

M'hostelomo munali lamulo lina lomwe Amatroni sanalitchule, chifukwa silinali lawo. Linali la atsikana eni ake. Nyengo ya mayeso, munthu akamanga mpango pachogwirira cha chitseko chake, ndiye kuti akuwerenga. Sakufuna mlendo, sakufuna wobwereka simbi, sakufunanso wamakiyi. Wogogoda pachitseko cha mpango ankasanduka nyimbo ya hostelo yonse. Namakiyi anali atalawapo kale. Atangoyamba ntchito anagogoda pachitseko chotere, ndipo kwa nthawi yaitali akamadutsa atsikana ankaimirira njo n'kumumenyera sawatcha ngati wapolisi.

Kumapeto kwa kolido kunali chipinda cha mtsikana wa chaka choyamba yemwe ankamutchula Kanjiwa, chifukwa mawu ake anali apansipansi, oti kuwamva mpaka usendere pafupi. Mnzake wogona naye anali atasamukira kwa achibale, ndiye iye anatsala yekha. Sankakangana ndi munthu, sankalandira alendo, sanatayepo kiyi. Kunena zoona, anali mwana wosavuta, ndipo ana osavuta ndi amene amaiwalika msanga.

Tsiku lomwe anafika, mayi ake anamugwira dzanja Namakiyi pamasitepe n'kutenga nambala yake ya foni. "Ndakusiyirani mwanayu," anatero. "Sadziwa kupempha. Akapsa mtima salankhula, akadwala salankhula. Muzimufunsa."

Lachisanu madzulo, mayeso atatsala pang'ono kuyamba, Namakiyi anaona mpango wofiira pachitseko cha Kanjiwa. Anauzindikira nthawi yomweyo. Unali wa Asisi, uja ankamanga kumutu pochapa. Asanafunse n'komwe, mwiniwake anatulukira kumasitepe akumwetulira.

"Kamwanako ndakabwereka mpango wanga," anatero Asisi. "Kali ndi mayeso Lolemba, kakuchita mantha. Usakasokoneze, wamva Namakiyi? Ndikukudziwa iwe, dzanja lako limayabwa likaona chitseko."

Namakiyi anaseka nawo n'kupitirira.

Loweruka m'mawa mpango unali pomwepo. Pafupi ndi chitseko panali ndowa ya Kanjiwa ndi masilipasi ake, monga zinalili dzulo lake. Ndowayo inali youma gwa. Masana sanamuone kodyera. Madzulo Namakiyi anafika mpaka pachitseko, anaima, anakweza dzanja. Kenako anamva atsikana awiri akubwera akuseka kuchokera kubafa, ndipo dzanja lija linatsika lokha. Anabwerera kuchipinda kwake n'kutsegula mabuku, pajatu nayenso anali ndi mayeso.

4. Foni

Lamlungu m'mawa hostelo inali zii. Ena anali atapita kokapemphera, ena kulaibulale. Namakiyi anali akusita bulauzi pamene foni yake inalira.

"Pepani mwanangu, ndakuvutitsani," anatero mawu a mayi wachikulire. "Ndine mayi wa mtsikana uja wa chipinda chakumapeto. Kuyambira dzana ndikumuimbira, foni ikungoitana osayankhidwa. Si khalidwe lake limeneli. Ngakhale atanganidwe bwanji, amayankha n'kunena kuti amayi ndikuimbirani."

"Musadandaule, amayi. Akuwerenga. Ali bwinobwino."

"Mwamuona?"

Namakiyi anaika simbi pansi.

"Ndikufunsa kuti mwamuona ndi maso anu?" anabwerezanso mayi aja. "Musandione ngati wovuta. Ine kuno ndili kutali, maso anga ndi inuyo. Mukandiuza kuti mwamuona, ndikhala pansi n'kudya. Koma ngati simunamuone, musandiuze zondisangalatsa. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Inunso muli ndi mayi amene amagona khutu lili kufoni."

Manyazi anamugwira Namakiyi. "Sindinamuone, amayi. Ndikupita komweko. Mumuimbirenso pompano."

Anayenda kolido yonse atagwira makiyi m'manja kuti asalire. Ndowa inali pomwepo, masilipasi pomwepo. Kunja dzuwa linali litakwera, koma kunsi kwa chitseko kunkaoneka kuti babu ikuyaka. Kenako foni inayamba kuitana m'katimo. Inaitana mpaka kuduka yokha. Inayambiranso, n'kudukanso. Panalibe phazi lomwe linagunda pansi.

Namakiyi anagwada n'kusuzumira pabowo la kiyi. Mtsikana aliyense m'hostelomo akadzikhomera m'kati ankasiya kiyi pabowo, dala, kuti kiyi wamkulu wa othandiza asalowe. Zimenezi ngakhale a chaka choyamba ankaziphunzira atangofika. Koma bowo la Kanjiwa linali mbee, kuwala kukutulukira pomwepo. Anayesa chogwirira. Chitseko chinali chokhoma.

Chitseko chokhoma, pabowo palibe kiyi, foni ili m'kati. Ndiye kuti wokhomayo anakhomera panja.

5. Kochapira

Anaimbira Amatroni, koma foni yawo inali yozimitsa. Lamlungu linali tsiku lawo lopuma, ndipo anali atanena kuti akukazonda m'bale wawo wodwala. Wotsala woti angakhale mboni anali mmodzi yekha.

Anawapeza Asisi kochapira, akuchapa mashiti, kumutu kulibe mpango.

"Asisi, tiyeni tikatsegule kwa Kanjiwa. Mayi ake aimba. Chiyambire Lachisanu palibe wamuona."

Asisi sanatembenuke. "Ndinakuuza kuti chiyani ine?"

"Foni ikuitana m'kati, sakuyankha."

"Munthu wowerenga amayankha foni?"

"Chitseko anakhomera panja, Asisi."

Manja a Asisi anaima m'madzi. Kenako anafinya shiti pang'onopang'ono, n'kuliika m'beseni, n'kupukuta manja pasiketi. Pamene anatembenuka, nsangala zija zinali zitachoka pankhope.

"Mng'ono wanga, tamvera. Kamwanako kanangomva chizungulire pang'ono. Ndinakauza kuti kagone, zimatha zokha zimenezi. Ena onse zimawathera zokha. Mawa kadzuka n'kukalemba mayeso, nkhani n'kutha."

"Mwakamuonanso chichokereni Lachisanu?"

Asisi anayang'ana kumbali.

"Bwanji osapita naye kuchipatala cha sukulu?"

"Kuti anamwino akamufunse kuti wamwa chiyani? Iwe ukuganiza kuti akachotsa ndani? Ine ndekha? Iyenso apita. Ndipo akafunsa kuti wa pansanjika yake anali kuti, ankadziwa chiyani. Sunadziwe iwe? Sindinakupatseko ndi dzanja langali?" Anasendera pafupi n'kugwira chingwe cha makiyi cha m'khosi mwa Namakiyi. "Awa anakuveka ndani? Ine ndatsala ndi mayeso okhawa kuti ndimalize sukulu. Usandiponde pakhosi. Sindikupita nawe, ndipo ukatsegula wekha ukudziwa chomwe chinachitikira mnzako uja. Ukagone kuti? Pamasitepe?"

Namakiyi anachotsa dzanja la Asisi pachingwe, osati mwamwano ayi, ndipo anatuluka. Anadutsa pakhomo pa kachipinda kake. Chitseko chinali chotsegula, bulauzi ija ili pabedi, mabuku ali patebulo pomwe dzuwa limafika m'mawa. Anakayang'ana kachipindako, kenako anapitirira.

6. Kumapeto kwa kolido

Anagogoda mwamphamvu, pamwamba penipeni pa mpango wofiira uja.

"Odi. Ndine wothandiza wa pansanjika ino. Tsegula, mng'ono wanga."

Kunali zii.

Anagogodanso. Zitseko zingapo zinatseguka m'kolidomo, mitu n'kusuzumira.

"Wayambanso wapolisi uja," anatero wina. "Kodi mpango sukuuona?"

"Mwina akufuna amuwerengere ndiye," anayankha mnzake, onse n'kuseka.

"Mmodzi wa inu abwere adzaime pano," anatero Namakiyi. "Ndikutsegula."

Palibe anasuntha. Kuseka ankafuna, koma umboni ayi. Namakiyi anavula chingwe m'khosi, anasankha kiyi wamkulu, n'kumulowetsa pabowo ali yekhayekha. Loko analira kuti kwetche.

Chitseko chinangotseguka pang'ono n'kugunda chinthu. Mpweya wotentha, wonunkha masanzi, unamuwomba kumaso. Anadzipanikiza n'kulowa chammbali.

Kanjiwa anali pansi, pakati pa bedi ndi chitseko, atakokera bulangeti kumiyendo. Chomwe chitseko chinagunda linali phewa lake. Milomo inali itauma n'kung'ambika, maso ali otseka. Dzanja limodzi linali litatambasukira kuchitseko. Patebulo panali mabuku otsegula, kapu yogubuduzika, ndi tipepala tija, tambiri, totsegulatsegula. Kiyi wake sanaoneke paliponse.

Namakiyi anagwada n'kuika khutu pachifuwa pake. Mtima unali ukugunda, koma mothamanga ndi modukizadukiza, ngati wa mwanapiye wogwidwa m'manja.

"Thamangani mukaitane alonda, aitanitse galimoto ya kuchipatala," anatero. "Msanga. Wina abweretse madzi."

Kuseka kuja kunali kutatha. Kolido inadzaza mapazi othamanga. Namakiyi anaika mutu wa Kanjiwa pamiyendo pake, anaviika chala m'madzi n'kumunyowetsa milomo. Foni inayambanso kuitana pabedi, ndipo palibe analimba mtima kuigwira.

Patapita kanthawi zikope za Kanjiwa zinagwedera. Anatsegula maso pang'ono. Milomo inayenda, koma mawu sanamveke mpaka Namakiyi atawerama kwambiri.

"Asisi anati ndikakuwa andichotsa sukulu."

"Usalankhule. Galimoto ikubwera."

"Ndimakumvani," ananong'ona Kanjiwa. "Makiyi anu. Dzulo munafika pachitseko, munaima. Ndimati mugogoda."

Misozi ya Namakiyi inagwera pachipumi pa mwana uja, iye n'kuipukuta ndi chikhatho. Maso a Kanjiwa anatsekekanso, ndipo ngakhale anamuitana kangapo, sanawatsegulenso.

Alonda anafika ndi anamwino. Anamunyamula pabulangeti lake lomwe lija n'kutsika naye masitepe. Namwinoyo anatola tipepala tija n'kutiika m'thumba la yunifolomu. Namakiyi anamugwira mkono.

"Achira?"

"Wakhala chonchi kuyambira liti?"

"Lachisanu."

Namwino anamuyang'ana, anayang'ana makiyi anali m'manja mwake, kenako anatsika masitepe.

7. Funso la Amatroni

Amatroni anafika masana, atavala zovala zoyendera, thukuta lili kamukamu. Sanalowe muofesi. Anakwera molunjika kumapeto kwa kolido, komwe atsikana anali ataunjikana akunong'onezana. Namakiyi anali atakhala pansi pafupi ndi ndowa youma ija, foni ya Kanjiwa ili m'manja. Anali atalankhula kale ndi mayi ake, ndipo mayiwo anali atanyamuka kukafuna basi.

"Ndachokera kuchipatala," anatero Amatroni. "Akupuma, koma sanatsitsimuke. Adokotala akuti tidikire." Anayang'ana chitseko. "Anatsegula ndani?"

Namakiyi anaimirira. "Ine, amayi."

"Ndi ndani?"

"Ndekha."

Amatroni anatambasula dzanja. Namakiyi anaika chingwe chonse cha makiyi m'dzanjamo, ndipo khosi lake linamveka lopepuka modabwitsa.

"Za kiyi tikambirana, lamulo ndi lamulo ndipo si ine ndekha woweruza," anatero Amatroni. "Koma ndikuuzeni nonse amene mwaima pano. Mwana wakhala ali pansi kuseri kwa thabwa ili, inu mukudutsa kupita kubafa, kupita kodyera, kupita kokapemphera. Nonsenu munaona nsalu, palibe anafunsa za munthu. Mwambo wanuwu ndimaudziwa, ndipo ndinkaulekerera poganiza kuti ndi zachibwana. Lero ndaona kuti ndinalakwa. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Aliyense wa inu ali ndi chitseko."

Kenako anamasula mpango wofiira uja pachogwirira. Mfundo yake inali yolimba, moti anachita kuikoka ndi zikhadabo. Anautambasula n'kuukweza m'mwamba.

"Mwana uja ndimamudziwa zovala zake, alibe mpango wotere. Ndipo munthu sadzikhomera yekha panja. Mpango uwu ndi wa ndani?"

Atsikana onse anayang'ana pansi. Ambiri ankaudziwa, koma ambirinso anali ndi tipepala m'madirowa mwawo. Kumbuyo kwa gululo, pafupi ndi masitepe, Asisi anali ataima ndi beseni la mashiti m'chiuno, madzi akudontha pansi. Sankayang'ana Amatroni. Ankayang'ana Namakiyi.

Amatroni anatembenuka pang'onopang'ono, mpango uli m'dzanja limodzi, makiyi ali m'dzanja linalo.

"Mwanawe," anatero motsitsa mawu, "ndamva kuti dzulo unadutsa pachitsekochi osagogoda. Lero ndikufunsa iwe. Ndi wa ndani?"